Kupita ndi makomiki anu ku msonkhano wa owerenga: mmene mungakonzekere tebulo ndi kukhalapo bwino

Wojambula makomiki, nkhani zofotokozedwa ndi zithunzi zotsatizana, amagwira ntchito yekhayekha. Miyezi imatha ali choweramira pepala kapena tabuleti, ndipo anthu amene amawerenga nkhani zake sawaona nkhope. Ku msonkhano wa okonda makomiki zinthu zimasintha. Munthu amene simunamuonepo amanyamula buku lanu, n'kulitsegula pamaso panu, inu mukuona mmene nkhope yake ikusinthira akafika pa tsamba limene munalikhetsera thukuta. Kukonzekera konse kumene ndikufotokoza pano n'kofuna kuti nthawi imeneyo ikafika manja ndi maso anu akhale omasuka, osati mukhale mukusakasaka chenji pansi pa tebulo.

1. Sankhani msonkhano woyenera ntchito yanu

Misonkhanoyi siifanana ngakhale pang'ono. San Diego Comic-Con, ku America, inayamba mu 1970 ndi kagulu kochepa ka okonda makomiki, koma lero imasonkhanitsa anthu oposa 130,000 m'mwezi wa Julayi, ndipo ambiri mwa iwo amabwera chifukwa cha mafilimu ndi masewero a pa TV. Wojambula wongoyamba kumene amamira m'khamu lotere. Comiket ya ku Tokyo inayamba mu 1975 ndi magulu 32 a ogulitsa, ndipo tsopano imachitikira ku Tokyo Big Sight kawiri pachaka, mu Ogasiti ndi Disembala. Kumeneko maziko a msonkhano wonse ndi mabuku amene anthu amadzisindikizira okha. Chikondwerero cha makomiki cha ku Angoulême, ku France, chinayamba mu 1974 ndipo chimadziwika ndi kulemekeza buku lenilenilo ndi mlembi wake. Small Press Expo ya ku Maryland ndi Thought Bubble ya ku England nazonso zimakokera anthu obwera kudzagula makomiki a ojambula odziimira paokha. Mu Africa muli Lagos Comic Con, yomwe inayamba mu 2012, ndi Comic Con Africa, yomwe inayamba mu 2018 ku Johannesburg.

Funso lofunika si kukula kwa msonkhano ayi. Dzifunseni kuti anthu amene amapitako amakhala akufunafuna chiyani. Ngati muli ndi nkhani yanuyanu, ya anthu amene munawapeka nokha, msonkhano waung'ono wa owerenga mabuku ungakuchitireni zabwino kuposa waukulu umene anthu amathamangira kukaona akatswiri a mafilimu. Ngati n'kotheka, kapiteni kaye ngati mlendo wamba. Kayendeni m'chigawo cha ojambula, chimene misonkhano yambiri imachitcha Artist Alley, muone matebulo amene anthu akuimapo ndi amene akungowadutsa, ndipo mudzifunse chifukwa chake.

2. Lembetsani msanga, ndipo werengani malamulo onse

Malo a matebulo amatsegulidwa kukadali miyezi yambiri, ndipo sachedwa kudzaza. Okonza misonkhano ena amapereka tebulo kwa amene wayamba kulembetsa, ena amachita mayere, ena amaona kaye ntchito yanu n'kusankha. Choncho khalani ndi tsamba la pa intaneti loonetsa ntchito zanu zabwino kwambiri, losavuta kutsegula, lopanda zithunzi za kocheza zosakanikirana ndi zojambula.

Akakupatsani malo, werengani chikalata cha malamulo mpaka kumapeto. Muli zinthu zimene zingakugwetseni m'mavuto: kutalika kwa zoimika pa tebulo, chiwerengero cha mabaji a okuthandizani, nthawi yolowetsa katundu, ndi zojambula zimene saloleza kuziika poyera chifukwa cha ana. Ku California wogulitsa amafunika chilolezo cha boma chokhudza msonkho wa malonda, ngakhale akugulitsa masiku ochepa chabe. Ku Comiket gulu lililonse limapereka kope imodzi ya buku latsopano kwa oyang'anira kuti aione. Ngati mukudutsa malire a dziko, fufuzani ngati viza yanu ikukulolani kugulitsa, chifukwa kulowa ngati mlendo wodzaona malo n'kosiyana ndi kulowa kudzachita malonda, ndipo katundu wogulitsa amafunika kumulengeza pachipata.

3. Werengerani ndalama musanalipire kalikonse

Phatikizani mtengo wa tebulo, ulendo, kogona, chakudya ndi kusindikiza. Kenako onani phindu limene buku limodzi limakusiyirani mukachotsa ndalama yolisindikizira, ndipo gawani chiwerengero choyamba chija ndi phindulo. Yankho lake ndi mabuku amene muyenera kugulitsa kuti mungobweza zanu. Tiyerekeze kuti yankho ndi 64, ndipo msonkhano ndi wa masiku awiri, maola 8 tsiku lililonse. Ndiye kuti muyenera kugulitsa mabuku 4 pa ola, buku limodzi pa mphindi 15 zilizonse, kuyambira potsegula mpaka potseka. Mukaziona choncho mumadziwa msanga ngati n'zotheka. Ngati sizikutheka, gawanani tebulo ndi mnzanu, kagoneni chipinda chimodzi anthu angapo, kapena vomerezani mumtima kuti ulendo uno mukupita kukadziwana ndi anthu ndipo ndalama yotayikayo mwaikonzekera. Chimene sichiyenera n'kupita ndi ndalama ya ngongole mukuyembekeza kuti tebulo lidzabweza.

4. Kusindikiza

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, ndiye tikhalepo pang'ono.

Kabuku komanga ndi masitepulo pakati kamapangidwa ndi mapepala opindidwa pawiri, ndipo pepala lililonse limapereka masamba 4. Choncho masamba a buku lanu, kuphatikizapo chikuto, ayenera kukhala 16, 20, 24, 28 ndi kupitirira motero. Nkhani ikathera pa tsamba 22, muli ndi masamba awiri oti mudzaze, ndipo ndi bwino kuikapo zojambula zoyambirira za anthu a m'nkhaniyo kapena mawu ochepa onena za inu ndi kumene angakupezeni. Pepala la A4 likapindidwa limapereka kabuku ka A5, kamene kamakwana bwino m'manja ndi m'chikwama, ndipo sikadya ndalama zambiri.

Zojambula zamitundu zikhale pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa kukula kumene zidzasindikizidwe. Za mizere yakuda yokhayokha zimatuluka bwino pa 600 dpi kapena kuposa. Kompyuta imaonetsa mitundu ndi kuwala, mwa njira ya RGB, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, mwa njira ya CMYK. N'chifukwa chake buluu wowala kapena wobiriwira wonyezimira amene mumamukonda pa sikirini amatuluka wozilala papepala, ndipo mithunzi imada kuposa mmene munaikonzera. Ngati chithunzi chikufika m'mphepete mwa tsamba, chipitirizeni ndi mamilimita 3 mbali zonse, chifukwa mpeni wodulira sugwera pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Mawu a anthu olankhula muwatalikitse ndi m'mphepete komanso ndi pakati pomangira.

Musalole kuti asindikize mabuku onse musanagwire kope imodzi yoyesera. Iwerengeni pansi pa kuwala kwa dzuwa, tsamba ndi tsamba, ndipo mupatse munthu wina amene sanaionepo nkhaniyo kuti asake zilembo zolakwika, poti maso a mwini amawerenga zimene ankafuna kulemba m'malo mwa zimene zili papepala. Onaninso ngati zilembo zikuwerengeka popanda kuyandikiza buku kumaso. Zonsezi zimafuna nthawi, choncho mabuku akhale ali m'manja mwanu kukadali milungu iwiri kapena itatu. Makina amawonongeka, katundu amachedwa panjira, ndipo tebulo lopanda buku silingakonzedwe m'mawa wa tsiku la msonkhano.

Paulendo woyamba musasindikize ambiri. Kutha kwa mabuku tsiku lomaliza kumapweteka pang'ono chabe, koma makatoni odzaza kubwerera nawo kunyumba amapweteka msana ndi thumba lomwe.

5. Zina zoika pambali pa buku

Anthu amabwera ndi matumba osiyana. Khalani ndi kanthu kakang'ono monga masitika kapena makadi, kanthu kapakatikati komwe ndi buku lanu, ndi kanthu kokwera mtengo monga zithunzi zikuluzikulu za A3 kapena masamba enieni amene munajambula pamanja.

Pali nkhani ya kujambula anthu otchuka a m'makomiki ndi m'mafilimu a makampani ena. Zoona zake n'zakuti zithunzi zotere zimagulidwa msanga, chifukwa munthu amazindikira chimene amachikonda kale ali chapatali. Koma umwini wa anthu amenewo ndi wa eni ake. Misonkhano ina imalekerera, ina imaika malire, ina imaletseratu, ndipo kulekerera sikutanthauza kuti lamulo lili kumbali yanu. Ine maganizo anga ndi akuti, ngakhale kumene n'kololedwa, musalole kuti zithunzi zimenezo zikwirire buku lanu. Munthu akagula chithunzi cha ngwazi ya kampani ina, akafika kwawo amakumbukira ngwaziyo. Akagula nkhani yanu, amakumbukira inu, ndipo chaka chamawa adzabwera kudzafunsa gawo lachiwiri.

6. Yalani tebulo kunyumba kaye

Matebulo ambiri a m'misonkhano amakhala pafupifupi mamita 1.8 m'litali, ndipo mukagawana ndi mnzanu mumatsala ndi theka lake. Yezani malo otero pansi kapena pa tebulo la kunyumba, muyale zonse monga mmene zidzakhalire. Kenako bwererani m'mbuyo mapazi angapo, mudutse ngati munthu wongoyenda. Zimene zagona chafufumimba pa tebulo sizioneka kwa munthu wodutsa m'khamu, choncho buku liime pa choimikira, chikuto chikuyang'ana kunjira. Dzina lanu likhale pamwamba, lowerengeka patali. Mtengo ulembedwe pa chinthu chilichonse, chifukwa anthu ambiri amachita manyazi kufunsa ndipo amangochoka. Koma musadzimangire linga la zithunzi mpaka nkhope yanu kubisika.

Ikani padera kope imodzi yoti aliyense aziigwira, ndipo lembanipo kuti ndi yowerenga. Idzada, idzapindika m'makona, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yake. Nsalu ya pa tebulo ikhale ya mtundu umodzi wosachititsa chidwi, yotalika mokwanira kubisa makatoni apansi. Mukakhutira, jambulani tebulolo ndi foni kuti tsiku lenilenilo musayambenso kuganiza.

7. Kulongedza

Mapepala amalemera kuposa mmene amaonekera. Ndege zambiri zimalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi, ndipo mabuku sachedwa kufika pamenepo, choncho yezani musananyamuke. Sutikesi ya mateyala ndi yofunika. Masamba ojambula pamanja asachoke m'manja mwanu, muwanyamule m'chikwama cholowa nacho. M'kathumba kamodzi ikani selotepi, sizasi, zopanira mapepala, zolembera zosainira, timapepala tolembapo mitengo, matumba oikiramo zogula, pawabanki ndi chingwe chake. Chenji mukonzeretu, ndalama zing'onozing'ono zambiri, poti ogula oyamba m'mawa amabwera ndi ndalama zikuluzikulu. Ngati mudzalandira ndalama pa khadi kapena pa foni, yesani kachipangizoko kunyumba, ndipo dziwani kuti m'holo yodzaza anthu netiweki imavuta.

8. Kukhala pa tebulo

Fikani nthawi yoyalira itangoyamba. Mukamaliza, perekani moni kwa a tebulo la kumanja ndi la kumanzere, mudziwane mayina. Anthu amenewa ndi amene adzakuonereni katundu mukafuna kutuluka pang'ono, ndipo nanunso mudzawaonera. Katundu wanu asalowerere malo awo, ndipo munthu akaima pa tebulo lawo musamuitanire kwanu.

Konzekerani chiganizo chimodzi chofotokoza buku lanu. Chimodzi basi, chonena kuti nkhaniyo ndi ya ndani ndipo akufuna chiyani: "Ndi nkhani ya mtsikana amene akusaka mchimwene wake mumzinda womira m'madzi." Munthu akafunsa zambiri, onjezerani. Akapanda kufunsa, musamuthire mbiri yonse ya dziko limene munapeka.

Munthu akachedwetsa mapazi pafupi ndi tebulo, muyang'aneni, mumwetulire, mumuuze kuti, "Takulandirani, tsegulani muone." Akanyamula buku, khalani chete. Apa ndi povuta kwambiri, chifukwa mtima umagunda ndipo pakamwa pamayabwa kufuna kufotokoza. Muoneni chabe. Amayamba ndi kuthamangitsa masamba ndi chala chachikulu, kungoona zithunzi. Kenako chala chija chimaima, amabwerera ku tsamba loyamba, ndipo maso amayamba kutsika pang'onopang'ono kuchoka pa bokosi lina la chithunzi kupita pa lina. Akafika pamenepo wayamba kuwerenga, ndipo mawu alionse ochokera kwa inu amutulutsa m'nkhani. Tengani pensulo, jambulani kanthu, mumusiye. Akadzutsa mutu yekha, ndiye nthawi yocheza yafika.

Ambiri adzabweza buku n'kunena kuti abweranso. Athokozeni ndi mtima wonse, muwapatse kakhadi kokhala ndi dzina lanu ndi nambala ya tebulo. Ena amabweradi, makamaka madzulo akamaliza kuzungulira holo yonse n'kuona ndalama zimene zatsala. Ena sabwera, ndipo palibe cholakwika. Munthu amene wawerenga masamba asanu osagula wakupatsanibe chinthu chimene simukanachipeza kunyumba: mwaona pamene anaseka, ndi pamene anakwinya nkhope posamvetsa kuti bokosi lotsatira ndi liti.

Foni ikhale m'thumba. Wojambula woweramira foni amaoneka ngati safuna kusokonezedwa, ndipo anthu amamulemekeza pomudutsa. Kujambula pa tebulo n'kwabwino chifukwa kumakoka anthu, makamaka ana, bola muzidzutsa mutu pafupipafupi. Mwana akabwera ndi kope lake kuti muone zimene amajambula, ikani pensulo pansi, muone tsamba lililonse, mumuuze chinthu chimodzi chenicheni chimene wachita bwino ndi chimodzi choti ayesere. Ojambula ambiri anayamba chifukwa wina anawachitira zimenezi.

Mudzaonanso anthu ovala ngati anthu a m'makomiki ndi m'mafilimu, zimene amati cosplay. Ambiri amasoka okha zovalazo kwa miyezi. Pemphani kaye musanawajambule ndi foni, ndipo musagwire munthu kapena chovala chake popanda chilolezo. Wina akakuvutitsani inuyo, kapena akaima pa tebulo nthawi yaitali n'kumatsekereza ena, muuzeni mwaulemu kuti mukufuna kuthandiza amene akudikira. Zikapitirira, itanani oyang'anira msonkhano, ndiyo ntchito yawo.

9. Zojambula za pa oda

Anthu ena adzapempha kuti muwajambulire chinthu pomwepo. Ndalama yake ndi yabwino, koma oda ikachuluka imakudyerani msonkhano wonse, mpaka kukagwira ntchito usiku kogona. Dziwani nthawi imene mumatenga pojambula mutu wokha, munthu wathunthu, kapena chithunzi chamitundu, ndipo muike malire a maoda a tsiku limodzi. Malirewo akakwana, lembani kuti mwatseka. Landirani ndalama musanayambe, lembani dzina la munthuyo, nambala yake ndi nthawi yodzatenga, ndipo ngati akufuna munthu amene simukumudziwa, akupatseni chithunzi choonera. Muli ndi ufulu wokana chimene simukufuna kujambula, popanda kufotokoza zifukwa zambiri.

Ngati mumapaka mitundu ndi zolembera za mtundu wa Copic, zimene inki yake ili ndi spiriti, yesani kaye ngati sizisungunula mizere yanu yakuda, ndipo mizereyo iume musanapake. Chithunzi chikatha, chijambuleni ndi foni musanachipereke, chifukwa mwina simudzachionanso.

10. Kuonetsa ntchito kwa akonzi

M'misonkhano ina makampani osindikiza makomiki amaika nthawi yoona ntchito za ojambula atsopano. Mkonzi safuna kwenikweni zithunzi zokongola zoima pazokha. Amafuna masamba otsatizana osonyeza kuti mumatha kufotokoza nkhani: anthu awiri akucheza m'chipinda, munthu akutsika masitepe, galimoto, khamu, manja. Tengani masamba ochepa abwino koposa, aposachedwa, ndipo ofooka asiyeni kunyumba. Musayambe ndi kupepesa kuti tsamba ili simunalimalize bwino. Akamakudzudzulani, mvetserani, lembani, funsani pamene simunamve, koma musatsutsane naye. Musiyireni kope yokhala ndi dzina lanu ndi imelo yanu pa tsamba lililonse. Ndipo ngati wina akupatsani pangano la ntchito, musasaine muli m'phokoso la m'holo. Pitani nalo kunyumba, muwerenge bwino za umwini wa nkhani yanu.

11. Thupi lanu ndi ndalama zanu

Mudzalankhula tsiku lonse mokweza mawu, choncho botolo la madzi lisachoke pafupi, koma likhale lotseka ndiponso kutali ndi mapepala. Idyani ngakhale anthu achuluke. Valani nsapato zofewa chifukwa pansi pa maholo ambiri ndi simenti. Sambani m'manja kawirikawiri, poti mudzagwirana chanza ndi anthu ochuluka ndipo chimfine cha pambuyo pa msonkhano n'chodziwika kwa onse oyendayenda m'misonkhanoyi. Ndalama zikhale pathupi panu, m'kachikwama ka m'chiuno, osati m'bokosi la pa tebulo. Madzulo phimbani tebulo ndi nsalu, koma ndalama ndi masamba ojambula pamanja mupite nazo.

12. Potseka ndi pambuyo pake

Chilichonse chikagulidwa, ikani kachizindikiro papepala nthawi yomweyo, chifukwa pofika madzulo mutu sukumbukira. Tsiku lomaliza musayambe kupasula tebulo nthawi isanakwane: ogula ena amasunga ndalama mpaka ola lomaliza, ndipo okonza misonkhano amawaona amene amachoka msanga. Pezani mphindi zochepa zoyendera ojambula anzanu. Kusinthana mabuku n'kofala, koma pemphani mofatsa, ndipo wina akakana musakhumudwe, poti nayenso akuwerengera zake.

Mukafika kunyumba n'kupuma, werengani mabuku otsala, muyerekeze ndi zimene munalemba, ndipo muone ngati munafika pa chiwerengero chimene munapeza pa gawo lachitatu. Lembani zimene zinagulidwa msanga, zimene anthu ankazigwira koma osagula, mafunso amene ankabwerezedwa, ndi tsamba limene owerenga ankaimapo mosokonezeka, kuti mukalikonze posindikizanso. Maoda amene simunamalize atumizeni pa tsiku limene munalonjeza. Akonzi ndi ojambula amene munasinthana nawo makadi muwalembere mlungu usanathe, muwakumbutse tebulo limene munakumanapo ndi zimene munakambirana, ndipo mulumikize tsamba lanu la pa intaneti m'kalatamo.